Camper ya 1972 ndi kampata ka mainchesi awiri

Ntchito yanga ndi yoika mazenera. Ndimanyamuka ku South Bend, kuno ku Indiana ku America, kudakali mdima, ndipo 5 koloko m'mawa imandipeza ndili pa laini ku Elkhart, m'fakitale yopanga ma RV, timanyumba toyenda tija Aamerika amapita nato kutchire kapena kunyanja kukagona. Ndimamata tepi ya butyl, yotsekera madzi, kuzungulira felemu la zenera, n'kulikanikiza pakhoma, mnzanga wa mkati n'kumanga ma screw, kanyumbako n'kupitirira kwa anzathu akutsogolo. Tsiku lonse ndi zomwezo. Pa matepi onse amene adutsa m'manja mwanga, imene yakana kundichoka m'mutu ndi ina yotuwa, youma gwa, imene munthu wa ntchito ngati yangayi anamata mu 1972. Ndinaipeza Loweruka lina kuseri kwa nyumba yanga.

## Chinthu cha madola 400

Camper imene ndinapezamo tepiyo ndinaiona pa Facebook Marketplace, ili pafamu ina kufupi ndi Niles, kungodutsa malire kulowa ku Michigan. Ndi camper ya mtundu uja wopanda matayala. Imalowetsedwa kumbuyo kwa pikapu, ndipo mbali yake yam'mwamba imatulukira kutsogolo, pamwamba pa mutu wa dalaivala, pamene pamakhala bedi. Ukafuna kuitsitsa umaikweza pa majeke anayi a m'makona, n'kuchotsa pikapu pansi pake, iyo n'kutsala itaima yokha. Kachitsulo ka pafupi ndi chitseko kanalembedwa 1972. Kampani imene inaipanga inali ya konkuno ndipo inatha kalekale, ngati makampani ang'onoang'ono ambiri amene sanapirire mafuta atakwera mtengo mu 1973.

Nditafika nayo n'kuiimika pa majeke ake, mayi a kunyumba anatuluka, anaizungulira kamodzi manja ali m'chiuno.

"Abambo, ndiye mwagula nkhokwe?"

Dzinalo linakakamira. Ana, alamu anga, ngakhale anthu a kutchalitchi amangofunsa kuti nkhokwe ija yafika pati.

Mkati munali makoma a pulayiwudi yopyapyala, sitovu ya gasi ya mafuwa atatu, kasinki, firiji ndi tebulo losandulika bedi. Munkanunkha chuku ndi mikodzo ya mbewa. Wogulitsayo sanabise, anati imadontha pang'ono kutsogolo. Kunja, mzere uliwonse, zenera lililonse ndi mutu wa screw iliyonse zinali zitapakidwa silicone, wina pamwamba pa mnzake, woyera, wakuda, woonekera. Aliyense amene anakhalapo mwini wake anasiyapo mtundu wake.

Silicone ameneyu ine ndimadana naye. Pa aluminiyamu amagwira kanthawi kenako n'kumatuka m'mphepete, madzi n'kulowa pansi pake osapezanso potulukira. Choipitsitsa n'chakuti pamene padutsa silicone sipamatanso chilichonse, ngakhale silicone mnzake, mpaka utapala n'kutsuka mpaka chitsulo chiwale. Amene amamupakayo amagona tulo poganiza kuti wakonza, pamene kunsi matabwa akumwa madzi.

## Madala a minibasi

Kuno kuli anthu a mpingo wa Amish, aja oyenda pa ngolo za mahatchi ku Nappanee, Middlebury ndi Shipshewana. Ambiri mwa iwo amagwira ntchito m'mafakitale a ma RV, ndipo poti sayendetsa galimoto, amalipira anthu owanyamula. Amene amabweretsa anzathu a pa laini yathu ndi madala ena opuma pantchito, amene anayamba kukhoma ma camper ali mnyamata. Tsiku lina tikuweruka ndinawaonetsa zithunzi pafoni, ndikuwauza kuti ndiyamba ndi kukanganula makoma a mkati amene anali atafufuma.

"Mkati usakhudzemo, mwana wanga. Chinthu chimenechi chinamangidwa kuyambira mkati kupita kunja. Pochimasula uyambire kunja."

Anandifotokozera ataima pa chitseko cha minibasi yawo. Ankayamba ndi pansi, n'kuimikapo makabati. Makoma ankabwera pulayiwudi ya mkati ili yokhomedwa kale pa timatabwa ta felemu, ndipo ankawakhomera ku makabatiwo kuchokera kunja. Kenako mawaya, kenako thonje la fiberglass lotchinga kuzizira, pomaliza malata a aluminiyamu. Ndiye ukakanganula mkati umaphwanya zinthu zabwinobwino, ndipo mitu ya ma screw amene agwira zonsezo sungaione chifukwa ili kuseri kwa malata. Malatawonso ali ndi dongosolo lake. Lam'mwamba ndi limene linkayamba kukhomedwa, la pansi pake n'kulowetsedwa m'kamphako ka m'munsi mwa linzakelo, mpaka kufika pansi. Pochotsa umayambira pansi kukwera.

Ndinawafunsa ngati angabwere kudzaona. Anati abwera sinowo akatha.

## Ma screw pa thabwa

Anabwera mu May, m'mawa. Alamu anga a ku Mishawaka, amene anaphunzira kuwotcherera ndi kusula malata ku Ndirande asanabwere kuno, anali atafika kale ndi zida zawo. Madalawo asanagwire chilichonse anagwedeza jeke wa kutsogolo kumanzere ndi dzanja limodzi. Kona yonse inayenda naye. Anatiuza kuti titsitse camper ikhale pa mapaleti ndi matabwa, ndipo mbali ya bedi ija tiichirikize ndi mizati iwiri. Anati sangaime pafupi ndi chinthu cholemera chotero chitatsamira pa thabwa limene sanalione.

Kenako anatenga thabwa lalitali n'kuligoneka pa udzu. Tinayamba kumasula kachitsulo kotchinga kona, kuchokera pansi kukwera, ndipo screw iliyonse yotuluka iwo ankaiika pa thabwalo motsatana ndi mmene inalili pakhoma. Ine ndinkaganiza kuti akufuna tidzaigwiritsenso ntchito. Titamaliza kona ya kumanja, ma screw onse anali owala, mano ake akuthwa, ena ali ndi tizidutswa ta thabwa loyera. Ya kumanzere inali nkhani ina. Apansi ankangozungulira osatuluka, tinkachita kuwazula ndi pulayazi, ndipo ankatuluka ali bii, mano atadyeka, ena atatsala ngati waya. Dzimbiri limenelo linapitirira mpaka pamwamba penipeni pa kona.

"Ukuona? Madzi sakwera. Dzimbiri likafika pamwamba, polowera pali pamwamba," anatero.

Kutsogolo kwa camper iliyonse yaikulu kumakhala tinyale tisanu tachikasu, titatu pakati ndi tiwiri m'makona. Malamulo a kuno amafuna tinyale timeneti pa galimoto iliyonse yotambalala mainchesi 80 kapena kuposa. Madala anakwera makwerero, anapala silicone ndi mpeni pa kanyale ka kumanzere, anamasula ma screw awiri, n'kukanyamula pang'onopang'ono. Anakhala chete, kenako anandikodola.

Pansi pa kanyaleko panali putty tape, tepi ya phala imene ankagwiritsa ntchito butyl asanafale. Inali itauma, koma inkaonekabe bwinobwino mmene inayendera. Wina anaiyambira kumanja, n'kuzungulira nayo pansi, n'kukwera kumanzere, ndipo inathera pamenepo. Pamwamba panatsala kampata, zala zitatu kulowa. Paliponse pamene tepi inagwira, aluminiyamu anali woyera ngati wa dzulo. Pa kampatako panali kamzere kakuda ka fumbi ndi madzi, kolunjika pa bowo lolowera waya.

Madala anaseka mpaka makwerero kugwedera.

"Mpukutu unamuthera apa. Kukatenga wina kunali kutali, ndipo laini sinkadikira."

Titachotsa malata, njira ya madziwo inaoneka yonse. Ankalowa pa kampata, n'kutsata waya, n'kudonthera pa thabwa lopingasa la pamwamba, n'kuyenda nalo mpaka pakona, n'kutsika ndi mzati wa pakona mpaka pamene panamangidwa jeke. Thonje la fiberglass linkasunga chinyezicho. Mzatiwo sunalinso thabwa, unali dothi lakuda loti ukafumbata likutuluka m'mipata ya zala, ndipo munali nyerere zikuluzikulu zakuda zija zokonda mitengo yonyowa. Kuzizira kwa kuno kunathandizira. Madzi akaundana amafufuma, ndiye chaka chilichonse ankatsegula mipata pang'ono, chaka chotsatira n'kulowa ambiri. South Bend ili pamene mphepo yochokera ku nyanja ya Michigan imakhuthulira sinowo, ndipo camper imeneyi inakhala panja moyo wake wonse. Eni ake onse aja ankapaka silicone pa mazenera ndi padenga. Ngakhale pa kanyaleko anapakapo, koma madzi ankadutsa pansi pake.

## Mkangano wa pa nkhomaliro

Tikudya, alamu anayamba.

"Alamu, munthu ameneyu anali waulesi basi. Mainchesi awiri okha? Kwathu ukapanga ndowa yodontha, mayi amabwera nayo mawa lake n'kukuponyera pamaso pa anthu."

Ndinalephera kuvomera, ndipo mpaka pano sindivomera. Wosula ndowa amadziwa nkhope ya wogula. Wa pa laini sadzamuona mwini wa chinthu chimene akupanga, ndipo kalipiridwe kake n'kosiyana. M'mafakitale ambiri kuno timalipidwa potengera kuchuluka kwa ma unit amene laini yatulutsa, ndipo chiwerengero cha tsikulo chikakwana timaweruka, ngakhale dzuwa lili pamutu. Anthu amathamanga zenizeni, ma drill ali m'manja. Ukaima kuti ukatenge mpukutu wina, waimitsa anthu makumi angapo amene akufuna kupita kwawo, ndipo maso awo umawamva kumsana. Madala anati m'nthawi yawo zinalinso choncho. Munthu wa mu 1972 uja anayang'ana kampatako, anaganiza kuti kanyale kakamangidwa kafinya phala n'kutseka, n'kupita pa unit yotsatira. Camper inatuluka, inagulidwa, waranti inatha, palibe amene anadandaula. Palibenso amene ankaganiza kuti timatabwa tokhomedwa ndi ma staple tidzakhalapo patapita zaka zoposa 50.

Alamu anati zimenezo ndi zifukwa chabe. Madala sanalowerere, ankangofunsa kuti ndiwo zamasamba zotendera zija timaika chiyani.

Lolemba lake ndinaima pa laini mpukutu uli m'manja. Lamulo timalidziwa tonse: tepi uyambire pansi pa zenera, pakati, kuti polumikizira pakhale pansi, ndipo nsonga ziwirizo zipitirirane. Kapitawo amanena tsiku loyamba, mwina osafotokoza chifukwa. Tsopano mnyamata watsopano akabwera pamalo pathu ndimamuonetsa chithunzi cha mzati uja pafoni, ndipo pambali panga pamakhala mpukutu wachiwiri wotsegula kale. Laini siinachedwe ndi zimenezi. Anzanga amandiseka kuti ndine m'busa wa tepi.

Chinanso chimene chinasintha ndi nkhani ya "original". M'magulu a pa intaneti a okonza ma camper akale muli anthu amene amafuna chilichonse chibwerere mmene chinatulukira kufakitale. Kwa amene ali ndi Avion, zija za aluminiyamu wokhomedwa ndi ma rivet zimene zinkapangidwa ku Benton Harbor, kapena Alaskan ija denga lake limakwera ndi kutsika ndi pampu ya mafuta, ndikumvetsa. Zimenezo zinapangidwa mwaluso lapadera. Yangayi inali ya anthu wamba, yopangidwa mothamanga, ndipo nditaona mafupa ake chilakolako chotsanzira fakitale chinandithera. Maonekedwe akunja ndinawasunga. Za mkati mwa khoma ndinapanga mmene ndikanafunira kuti andipangire.

## Mafupa atsopano

Apa panalibe zodabwitsa, inali ntchito basi. Thabwa lililonse lowola ndinkalichotsa mosamala kuti likhale muyezo wa latsopano, ndipo pamene linali litasanduka dothi ndinkayezera la mbali inayo. Matabwa amene kuno amati 2x2 kwenikweni ndi inchi imodzi ndi theka mbali zonse, ndipo a m'sitolo ambiri ndi opindika, choncho ndinkagula 2x4 owongoka n'kuwang'amba ndekha. M'malo mwa ma staple ndinaika guluu ndi ma screw.

Chenjezo limodzi limene madala anabwereza kawiri: matabwa obiriwira aja othiridwa mankhwala oletsa kuwola asakhudzane ndi malata. Mankhwala ake ali ndi kopa, ndipo kopa akakumana ndi aluminiyamu pali chinyezi, aluminiyamu amadyeka n'kuboola timabowo. Munthu umaganiza kuti wateteza khoma pamene wapha malata.

Pamakona a majeke m'pamene alamu anaonetsa luso lawo. Kale majekewo ankangogwira thabwa ndi ma screw aakulu. Iwo anawotcherera zitsulo zopinda, china kunja china mkati, mabawuti n'kudutsa khoma lonse. Malata opindika anawawongola pa thabwa ndi hamala yamtengo, modekha, akuimba nyimbo za kwaya. Thonje lonyowa lija ndinataya, n'kuika foam yolimba imene simwa madzi. Ubwino wokhala kufupi ndi Elkhart ndi woti kuli masitolo ogulitsa zotsala za m'mafakitale, mazenera, zitseko, pulayiwudi, tinyale, pamtengo wotsika. Anthu amayenda mitunda kuchokera m'madera ena kudzagula zimene ine ndimadutsa pobwera kuntchito.

Chimene chinadya nthawi kuposa zonse ndi kupala silicone. Musandifunse.

## Gasi sachita naye masewera

Silinda imene inabwera ndi camper inali ya vavu yakale. Kuyambira 2002, masilinda ang'onoang'ono otere sadzazidwa kuno ngati alibe vavu ya OPD, yoletsa kudzaza mopitirira. Ndinagula silinda ina, regulator ina ndi paipi ya labala ina. Polumikizira paliponse ndinapaka thovu la sopo kuyang'ana ngati patuluke tithovu, komabe pambuyo pake ndinalipira katswiri kuti adzayeze ndi geji. Muli ana ogona mmenemo. Ndinaikanso alamu ya gasi pansi, poti gasi ameneyu, propane, ndi wolemera kuposa mpweya ndipo akatayika amatsika, komanso ina ya carbon monoxide, mpweya wakupha wopanda fungo.

Firiji inali ya mtundu uja wopanda injini, yoziziritsa ndi kalawi ka moto kotenthetsa ammonia m'mapaipi. Nditatsegula kachitseko ka kumbuyo kwake ndinapeza ufa wachikasu pa mapaipi. Ufa umenewo ukaoneka ndiye kuti mapaipi aboola ndipo mankhwala atayika. Ndinaichotsa n'kuika ya batire. Sitovu yokha ndi imene inangofuna kutsukidwa. Mayi a kunyumba anaiyesa ndi mpoto wa nsima camper ili pa mapaleti pomwepo, n'kunena kuti moto wake ndi wabwino kuposa wa kukhitchini kwathu. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kufunsa kuti ndawononga ndalama zingati.

## Sikelo

Ma camper a nthawi imeneyo ankapangidwira mapikapu a nthawi yomweyo. Ford ankagulitsa F-250 yotchedwa Camper Special, ya masipuling'i olimba, yopangidwira katundu ngati ameneyu. Mapikapu a masiku ano ndi aatali mutu, choncho ndinakhoma kathandala ka matabwa kuti camper ikwere pang'ono, bedi lisagunde denga la pikapu yanga ya F-150. Titaikweza n'kuimanga ndi matcheni m'makona anayi, kumbuyo kwa galimoto kunakhala pansi, mphuno kuloza kumwamba.

Pa felemu la chitseko cha dalaivala pamakhala kapepala konena kulemera kumene galimoto ingasenze, kuphatikiza anthu. Kanga kamati mapaundi 1,650, pafupifupi makilogalamu 750. Ndinapita pa sikelo ya CAT, zija zimakhala pamalo oima mathiraki, ndinayeza pikapu yokha, kenako ndi camper. Kusiyana kwake kunali mapaundi 1,900. Mmenemo munalibe madzi, munalibe chakudya, munalibe mayi ndi ana. Thanki yake ya magaloni 20 ikadzaza imawonjezera makilogalamu 76 ena.

Alamu anati tiike ma airbag kumbuyo, timatumba ta mpweya tothandiza masipuling'i, galimoto iwongoka. Kuwongoka iwongokadi, koma ma airbag sawonjezera mphamvu ya mabuleki, ya matayala kapena ya axle. Kwathu tinakwerapo matola osenza kuposa pamenepa, n'zoona, koma sindikufuna kuyesa zimenezo pa Toll Road, msewu waukulu wolipira, mathiraki akudutsa mbali zonse, ana ali kumbuyo.

Ulendo woyamba tinapita ku Potato Creek State Park, kufupi ndi North Liberty, pa F-250 ya mnzawo wa alamu imene tinabwereka. Usiku wachiwiri kunagwa mvula yamphamvu. M'mawa ndinalowetsa dzanja pansi pa matiresi, m'makona onse a bedi, n'kupeza pouma. Pobwerera tinatsitsa camper pa majeke ake, ndipo ili pomwepo mpaka pano chifukwa ilibe galimoto yoinyamula.

Ndiye panopa ndikusaka F-250 kapena Silverado 2500 yakale. Za kuno ku Indiana ndi Michigan sindikuzifuna, mchere umene amathira m'misewu nthawi ya sinowo umadya chasisi mpaka kuboola. Ndapeza ina ku Tennessee, mwini wake akuti sinaonepo mchere. Loweruka likubwerali tikupita ndi alamu kukaiona, ndipo iwo anena kale kuti atenga hamala ndi tochi, alowa pansi pake tisanakambe za mtengo.